Tsiku Lobweza Katundu ku Chur

Afika m'mawa uno, chipale chili m'mapewa,
aliyense ndi chikwama chake chobiriwira,
amuna amene mimba zayamba kuwatsogolera.
Ine ndili kuseri kwa tebulo, cholembera kukhutu,
chaka cha makumi atatu ndikuwerenga za eni.

Chisoti chachitsulo, chimodzi.
Chophimba kumaso pothawa utsi wakupha, chimodzi.
Fosholo yopinda, imodzi.
Ya Flurin Caduff, mphunzitsi wa masamu,
ili ndi dothi la m'dimba la mkazi wake.
Ndayang'ana kumbali. Ndachonga.

Kuno msilikali sakalambira ku kampu.
Amaphunzira miyezi inayi, matuza n'kuphulika, n'kupola,
kenaka amabwerera kukakama ng'ombe, kukakonza mawotchi,
mfuti n'kuiimika m'kabati kuseri kwa majasi,
pafupi ndi nsapato za ukwati.
Chaka ndi chaka kalata imagogoda:
masabata atatu, vala, bwera.
Wophika buledi amasanduka sajeni,
bwana wa kubanki n'kumamusenzera mabokosi.

Papepala n'zoyalana ngati makwerero:
kagulu, pulatuni, kampani, batalioni, bulugedi.
Akuluakulu amaziona pa mapu.
Ine batalioni ndimaidziwa ndi masokosi,
mazana ndi mazana, onse obooka pachidendene chimodzimodzi.
Lamulo limatuluka m'Chijeremani,
limakhota m'Chifalansa, limatsetsereka m'Chitaliyana,
anyamata a kuzigwa zathu amalimva lonse
koma akapunthwa amatukwana m'Chiromanshi.

Agogo anga aamuna anakhala m'mimba mwa phiri,
phiri lokumba mkati ngati chiswe m'mtengo,
mzinga utasuzumira pakazenera ka thanthwe
kudikira mdani amene anadzera njira ina.
Anatulukamo ndi chifuwa basi.
Bambo anali wa pakavalo.
Tsiku limene boma linati akavalo apume
anapachika chishalo m'khola, sabata yonse osayankhula.
Ine ndinali wa panjinga,
njinga yolemera ngati mwana wa ng'ombe,
tinkatsika nayo mapiri usiku popanda nyali.
Nayonso anaichotsa. Nkhunda zamakalata zinatsogola kale.

Alendo amatiseka: asilikali osadziwa fungo la nkhondo.
Asekeni. Galu wosaluma amasungabe khomo.
Koma musati manja athu ngoyera.
Ku Geneva, m'chaka cha 1932,
anyamata ongolowa kumene anawombera khamu la anthu akwawo.
Khumi ndi atatu sanabwerere kunyumba.
Zimenezo mulibe m'kaundula wanga,
koma ndikagwira mfuti yobwezedwa
ndimayamba ndaloza pansi.

Womaliza pamzere ndi Gion Derungs,
wokonza mapaipi, wamfupi, chala chimodzi chopindika.
Zonse zakwana kupatula bulangeti.
Ndafunsa. Wakanda kukhosi.
Akuti chaka chija mvula inang'amba phiri,
matope n'kulowa m'mudzi mpaka m'mazenera,
kampani yawo inakumba masiku anayi
ndi mafosholo omwewa, kenaka ndi manja.
Pansi pa denga lakugwa anapezamo mayi wokalamba
akunjenjemera, atakumbatira wailesi yosalira.
Anamufunditsa. Ambulansi inapita naye, bulangeti ndi lomwe.
Sanafunse dzina. Sanalembe lipoti.

Fomu yanga ili ndi mabokosi atatu:
chabwezedwa, chawonongeka, chatayika.
Ndaiyang'ana nthawi yaitali
mpaka wotsatira wanga watsokomola.

Ndachonga kuti chatayika.
Lamulo likuti alipire.
Watulutsa chikwama, wawerenga ndalama zachitsulo patebulo,
imodzi yagubuduka, taithamangitsa tonse awiri,
akuluakulu awiri chogwada pansi pa shelefu ya zisoti.

Wasaina. Ndadinda.
Wandipatsa moni wachisilikali, dzanja lafika mochedwa pachipumi,
kenaka watuluka wopepuka, mapewa akudabwa.
Pawindo ndamuona akukolopa chipale pagalasi la galimoto
ndi mkono wa jekete lake,
chifukwa magolovesi aja ndi athu.